Mafuta opaka, madzi oundana kapena kuthowa: kusankha chithandizo cha pakhomo munthu akavulala pamasewera

Munthu akabinya phazi pa mpira, akakokeka mnofu pothamanga kapena akasupuka bondo atagwa panjinga, chithandizo choyamba kawirikawiri chimachokera m'kabati ya pakhomo kapena m'chikwama cha timu. Mmenemo mumakhala kabotolo ka mafuta onunkhira otenthetsa khungu, chubu chofinyidwa theka chimene palibe akukumbukira kuti chidagulidwira chiyani, bandeji, ndiponso mafuta odzola wamba. Zambiri mwa zinthuzi zili ndi ntchito yake yeniyeni, koma anthu ambiri amasankha mankhwala potengera mmene akumvekera pakhungu, mosaganizira mtundu wa kuvulalako. Mafuta akamatentha kapena kuzizira kwambiri, timakhulupirira kuti akugwiranso ntchito kwambiri, chikhalirecho kumva kutentha pakhungu ndi kuchira kwa mnofu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kuyenera kutsogolera kusankha kwathu.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Pali mafunso awiri amene ayenera kuyankhidwa chivundikiro cha botolo chisanatsegulidwe. Loyamba ndi lakuti, kodi khungu lang'ambika kapena ayi? Mafuta onse ochepetsa ululu wa minofu adapangidwira khungu lathunthu, ndipo kuwapaka pa bala n'kuwonjezera vuto. Lachiwiri ndi lakuti, kodi papita nthawi yaitali bwanji chivulalireni? M'masiku awiri kapena atatu oyambirira timitsempha ta magazi tomwe taduka timakhala tikudontha mkati ndipo malowo amatupa, kotero chimene chingathandize pa tsiku lachisanu chingawonjezere kutupa pa tsiku loyamba.

Mafunsowa akayankhidwa, njira iliyonse tiiyeza pa zinthu zinayi. Pa mtengo, chofunika kuwerengera ndi ndalama zimene zingathe kufikira munthu atachira, chifukwa chubu chotchipa chimene chikufunika kupakidwa kwa mwezi wathunthu chimatha kudya ndalama zambiri kuposa chodula cha masiku asanu. Pa kupezeka, funso ndi lakuti chinthucho chingapezeke pa mphindi imene ngozi yachitika, pabwalo kapena usiku. Pa kasamalidwe, tiona mmene chimasungidwira, kuti chimafuna kubwerezedwa kangati, komanso khama limene chimafuna kwa wodwalayo. Pa kuopsa kwake, tiona anthu amene sayenera kuchigwiritsa ntchito ndi zinthu zimene sichiyenera kuphatikizidwa nazo. Pamwamba pa zonsezi ndiyesetsa kunena poyera pamene umboni wa kafukufuku uli wolimba ndi pamene uli wofooka.

Kuziziritsa, kumanga bandeji ndi kukweza chiwalo

Njira imeneyi idatchuka kwambiri kuyambira mu 1978, pamene dokotala wa zamasewera wa ku America, Gabe Mirkin, adaphatikiza kupuma, madzi oundana, kumanga ndi kukweza chiwalo kukhala malangizo amodzi. Patapita zaka zoposa 30, dokotala yemweyo adanena poyera kuti kuziziritsa kwambiri ndi kupuma kwa nthawi yaitali kungachedwetse kuchira, popeza kutupa pang'ono ndi mbali ya mmene thupi limakonzera mnofu wowonongeka. Izi sizikutanthauza kuti madzi oundana alibe ntchito. Amachititsa dzanzi ndipo amachepetsa ululu msanga popanda mankhwala alionse kulowa m'thupi, kungoti tisamawayembekezere kulumikiza mtsempha umene watanuka.

Pa mtengo palibe njira ina yoposa iyi, pakuti bandeji yotanuka imagulidwa kamodzi n'kuchapidwa kambirimbiri. Vuto lili pa kupezeka, chifukwa madzi oundana amafuna firiji ndipo pabwalo sapezekapezeka. Pamene palibe, nsalu yoviikidwa m'madzi ozizira n'kumasinthidwa pafupipafupi imathandiza ndithu ngakhale mphamvu yake ndi yocheperapo. Kasamalidwe kake kamafuna kuleza mtima: kuziziritsa kwa mphindi 15 mpaka 20, maola awiri kapena atatu alionse, m'masiku awiri kapena atatu oyamba, madzi oundanawo atakulungidwa m'kansalu konyowa. Bandeji imayambira m'munsi, pafupi ndi zala, n'kumakwera, mzere uliwonse ukuphimba theka la mzere wapitawo, ndipo chala chimodzi chiyenera kutha kulowa pansi pake. Zala zikayamba kuzizira, kuyezuka kapena kuchita dzanzi, bandejiyo yathina ndipo imasulidwe nthawi yomweyo. Pogona usiku ndi bwino kuichotsa. Kuopsa kwakukulu ndi kuika madzi oundana pakhungu penipeni kapena kuwasiya nthawi yaitali, zimene zimawononga khungu ngati kupsa. Anthu amene magazi sayenda bwino m'miyendo, ndi odwala matenda a shuga amene mapazi awo samva bwino, apewe njirayi chifukwa sangazindikire kuti khungu layamba kuwonongeka.

Kuthowa ndi madzi ofunda

Kuthowa kumamasula minofu yokungika ndipo kumathandizadi pa msana wouma, khosi lokanika kutembenuka, kuphwanya kwa thupi kwa tsiku lotsatira masewera olimba, ngakhalenso kupweteka kwa m'mimba pa nthawi ya msambo. Mtengo wake ndi wochepa, zipangizo zake ndi thaulo ndi madzi kapena botolo la labala losungira madzi otentha, ndipo chofunika kusamala ndi kungoona kuti botololo silikudontha ndipo lakulungidwa m'nsalu. Mphindi 15 mpaka 20 n'zokwanira. Cholakwika chimene chimachitika kwambiri ndi nthawi yake: kuthowa kakolo amene wabinyika lero lomwe, kapena kumutikita mwamphamvu, kumatsegula mitsempha ya magazi ndipo m'mawa mwake phazi limadzuka litatupa koposa. Choopsa china ndi kugona tulo botolo lili pathupi, popeza kutentha kumene kukuoneka kochepa kumapsereza khungu kukakhala maola ambiri pamalo amodzi.

Mafuta otenthetsa ndi oziziritsa khungu

Awa ndiwo mafuta amene fungo lake limadzaza m'chipinda chosinthira zovala masewera asanayambe, ndipo amagulitsidwa m'mayina monga Deep Heat, Tiger Balm ndi Bengay. Ngakhale mayina ndi ambiri, zosakaniza zake zazikulu ndi zitatu: menthol, camphor ndi methyl salicylate. Menthol amadzutsa timitsempha ta pakhungu timene timamva kuzizira, pamene zinazo zimanyerenyetsa khungu n'kulifiiritsa kotero kuti munthu amamva kutentha. Ubongo ukatanganidwa ndi uthenga watsopanowu, ululu wa mkati umamveka pang'ono. Mpumulo umenewu ndi weniweni ndipo sitiyenera kuunyoza, koma kutenthako sikufika pakati pa mnofu, ndipo wosewera amene wapaka mafutawa m'malo motenthetsa thupi ndi kuthamanga pang'onopang'ono amalowa m'bwalo minofu yake ili yozizira monga idalili.

Pa mtengo, mafutawa ali pakati, ndipo kabotolo kamodzi kamakhalitsa chifukwa amapakidwa pang'ono. Pa kupezeka amaposa mankhwala ena onse, popeza amagulitsidwa ngakhale m'masitolo wamba popanda kalata ya dokotala. Kupezeka mosavutaku kuli ndi mbali yake yoipa, chifukwa pamsika pamalowanso timabotolo tosalembedwa zosakaniza kapena kuchuluka kwake, ndipo mafuta amene sakunena zimene ali nazo ndi osayenera kugula ngakhale atchipe bwanji. Kasamalidwe kake n'kosavuta: kutseka bwino kuti fungo lisauluke, kusunga pamalo osatentha, ndi kusamba m'manja ndi sopo mukapaka, manjawo asanakhudze maso kapena mwana.

Pa kuopsa m'pamene tiyenera kukhalitsa, chifukwa anthu ambiri amaona mafutawa ngati zodzola wamba. Mu 2012 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidachenjeza kuti anthu ena adapsa khungu kwambiri atapaka mafuta a mtunduwu, makamaka amene ali ndi menthol woposa 3 peresenti ndi methyl salicylate woposa 10 peresenti. Ngozi imakula munthu akapaka kenako n'kumanga bandeji yothina, kukulunga ndi pulasitiki kapena kuthowa pamwamba pake, pakuti zonsezi zimakankhira mankhwala ambiri m'khungu. Methyl salicylate ndi wa gulu limodzi ndi aspirin ndipo amalowa m'magazi kudzera pakhungu. Mu 2007 mtsikana wothamanga wa zaka 17 wa ku New York adamwalira, ndipo opima mtembo adapeza kuti chidamupha ndi kuchuluka kwa mankhwalawa m'thupi atawagwiritsa ntchito mopitirira muyeso. Zoterezi sizichitikachitika, komabe zikutiuza kuti kupaka miyendo yonse iwiri ndi msana kangapo patsiku si chinthu chochita mwachisawawa. Munthu amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena amene aspirin amamuwenga, asapake mafuta okhala ndi methyl salicylate asanafunse dokotala.

Kwa ana ngozi yaikulu ndi kumeza. Supuni yaing'ono imodzi ya mafuta a wintergreen, amene pafupifupi onse ndi methyl salicylate, ili ndi mphamvu yofanana ndi mapiritsi a aspirin a akuluakulu oposa 20, ndipo camphor akamezedwa amatha kukomola mwana n'kumaphupha pasanapite nthawi. M'gulu lomweli muli mafuta opaka pachifuwa pa chimfine, monga Vicks VapoRub. Fungo lake limachititsa munthu kumva ngati mphuno zatseguka ndipo ena amagona bwino nawo, ngakhale njira ya mpweya sikula kwenikweni. Sayenera kupakidwa mwana wosakwana zaka ziwiri, kulowetsedwa m'mphuno, kumezedwa kapena kutenthetsedwa pamoto.

Mankhwala opaka ochepetsa ululu ndi kutupa

Diclofenac, ibuprofen ndi ketoprofen opaka sanunkhira kwambiri ndipo samveka kutentha, motero anthu ena amawasiya poganiza kuti ndi ofooka. Komatu pa mankhwala onse opaka, awa ndiwo ali ndi umboni wolimba pa kubinya ndi kukokeka kwa minofu. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusanthula kafukufuku wa zamankhwala, lidapeza mu 2015 kuti mwa anthu 10 opaka diclofenac kapena ketoprofen wa mtundu wa jelo, 7 kapena 8 ululu wawo udachepa kwambiri pakutha pa masiku 7, poyerekeza ndi awiri kapena atatu okha mwa opaka mafuta opanda mankhwala. Mu 2020 mabungwe awiri akuluakulu a madokotala ku America adalangiza kuti mankhwala opakawa akhale oyamba kuyesedwa pa kuvulala kwa minofu ndi mfundo za mafupa, kupatula ululu wa m'munsi mwa msana. Amagwira ntchito poletsa thupi kupanga timadzi timene timayambitsa ululu ndi kutupa pamalo povulala, ndipo amathandiza kwambiri pamene vuto lili pafupi ndi khungu, monga pa kakolo, bondo, chigongono ndi dzanja. Pa chiuno kapena mkati mwa ntchafu yonenepa sayembekezeka kufika bwino.

Mtengo wake ndi wokwererapo, makamaka wa mayina otchuka monga Voltaren, koma mankhwala omwewo opangidwa ndi makampani ena amakhala otsika mtengo, ndipo chofunika kuyang'ana pa chubu ndi dzina la mankhwalawo ndi kuchuluka kwake. Amapezeka m'masitolo ogulitsa mankhwala, m'mayiko ambiri popanda kalata ya dokotala, ngakhale ketoprofen m'malo ena amafuna kalata. Kasamalidwe kake kamafuna mwambo, chifukwa ambiri amapakidwa katatu kapena kanayi patsiku, pang'ono, mosisita mofatsa, ndipo ngati pakutha pa sabata palibe kusintha, ndi nthawi yoti dokotala aone malowo. Tsiku lotha mphamvu liyenera kuyang'anidwa, popeza awa ndi mankhwala enieni.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti mbali yochepa chabe, pafupifupi 6 peresenti poyerekeza ndi mapiritsi, ndi imene imalowa m'magazi, motero savutitsa m'mimba monga amachitira mapiritsi a mtundu womwewo. Komabe mbali yochepayo ilipo. Amayi oyembekezera, makamaka m'miyezi itatu yomaliza, anthu odwala impso kapena zilonda zam'mimba, ndi a mphumu imene imadzuka akamwa aspirin ayenera kufunsa kaye. Kupaka jelo uku mukumwanso mapiritsi a ibuprofen kapena diclofenac n'kuwirikiza mankhwala amodzi. Ngati pakufunika piritsi lowonjezera, paracetamol ndiye wogwirizana nawo. Ketoprofen ali ndi vuto lake lapadera lakuti khungu lopakidwa limatha kutuluka matuza likawombedwa ndi dzuwa, ndipo liyenera kuphimbidwa pa nthawi yonse yopaka ndi masabata awiri pambuyo pake, zimene ndi zovuta kwa wosewera wa pabwalo. Mapepala a mankhwalawa amaikanso malire a zaka, kawirikawiri 12 kapena 14. Ngozi ina imene sitiitchula mokwanira ndi yakuti ululu ukachepa, wosewera amabwerera m'bwalo mtsempha usanalimbe, n'kubinyanso pamalo omwewo.

Capsaicin ndi arnica

Capsaicin ndi chinthu chimene chimachititsa tsabola kuwawa. Akapakidwa mobwerezabwereza amafooketsa timitsempha tonyamula uthenga wa ululu, koma zimenezi zimatenga sabata imodzi mpaka masabata anayi munthu akupaka katatu kapena kanayi tsiku lililonse, ndipo masiku oyambirira khungu limaotcha. Ndi wodulirapo, sapezeka paliponse, amafuna khama lalikulu ndipo akalowa m'maso ululu wake ndi woopsa. Malo ake ndi pa nyamakazi ya m'mawondo ndi m'zala kapena pa ululu wa mitsempha umene wakhalitsa. Pa kubinya kwa lero alibe phindu. Kusinja tsabola pakhomo kuti mupake n'kosayenera, chifukwa palibe njira yoyezera mphamvu yake. Arnica, amene amagulitsidwa kuti achotse mikwingwirima, umboni wake ndi wosakhazikika, mtengo wake nthawi zambiri ndi wokwera, amawenga anthu ena, ndipo chomera chake ndi poizoni chikamezedwa kapena kupakidwa pa bala. Ndikuona kuti ndalama zake zingagwire ntchito yabwino zitagula bandeji ndi jelo wa diclofenac.

Mafuta a pa bala: petroleum jelly ndi opha tizilombo

Khungu likang'ambika, zonse zatchulidwa pamwambapa ziikidwe pambali. Chinthu chofunika kwambiri pa bala la kusupuka ndi kulitsuka ndi madzi aukhondo oyenda kwa mphindi zingapo mpaka mchenga ndi udzu wonse utachoka, n'kutsuka khungu lozungulira ndi sopo. Ambiri tidakula tikukhulupirira kuti bala liyenera kusiyidwa pamphepo kuti liume ndi kuchita nkhanambo, koma kafukufuku wa George Winter wa mu 1962 adasonyeza kuti khungu latsopano limamera msanga pa bala losungidwa lonyowa pang'ono ndi lophimbidwa. Apa m'pamene petroleum jelly, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Vaseline, amagwira ntchito yake. Sapha tizilombo, koma amateteza bala kuti lisaume ndi kung'aluka, ndipo nsalu yomangira simamatira pa chilonda. Amathandizanso pa kunyuka kwa m'ntchafu ndi m'khwapa kwa othamanga mtunda wautali, pa milomo yong'aluka ndi pa zidendene zouma.

Ndi wotchipa kuposa mafuta ena onse, amapezeka paliponse ndipo amakhala nthawi yaitali osawonongeka, malinga ngati ali wosathiridwa zonunkhiritsa ndipo sapisidwa ndi zala zakuda. Botolo limene banja lonse limadzolamo lisakhale lomwelo la pa mabala. Bala litsukidwe ndi kumangidwanso tsiku lililonse. Kuopsa kwake ndi kochepa koma kulipo: asapakidwe pa bala lakuya, lolumidwa ndi nyama kapena lotuluka mafinya, nsalu zomwa mafutawa zimagwira moto mosavuta, ndipo amawononga makondomu a labala.

Mafuta opha tizilombo okhala ndi neomycin kapena bacitracin ndi odulirapo, ndipo pa bala laling'ono lotsukidwa bwino kafukufuku sadapeze kuti amaposa petroleum jelly moonekeratu. Neomycin amadziwika kuti amawenga anthu ambiri, ndipo kufiira ndi kuyabwa kumene amayambitsa kumasokonezedwa ndi kuola kwa bala, munthu n'kumawonjezera mafuta omwe akumupwetekawo. Kuwagwiritsa ntchito pa kabala kalikonse kumathandiziranso tizilombo kuzolowera mankhwala. Sipiriti ndi hydrogen peroxide zimaluma ndipo zimaoneka ngati zikuyeretsa, koma zimapha ndi timaselo tatsopano ta khungu tomwe. Povidone iodine ndi wofatsirapo ndipo angagwiritsidwe ntchito kamodzi pa bala lakuda kwambiri, osati tsiku ndi tsiku.

Mafuta a zipere ndi a kuyabwa

Anthu amasewera amagwidwa kawirikawiri ndi zipere, kusupuka kwa khungu pakati pa zala za kumapazi ndi kuyabwa kwa m'mphechepeche, chifukwa cha thukuta, nsapato zonyowa ndi kubwerekana mathaulo. Clotrimazole ndi miconazole ndi otsika mtengo ndipo amapezeka mosavuta, koma amafuna kupakidwa kawiri kapena katatu patsiku kwa masabata awiri mpaka anayi, ndi kupitiriza ngakhale khungu litayamba kuoneka bwino. Terbinafine ndi wodulirapo koma nthawi yake ndi yaifupi, kawirikawiri sabata imodzi kapena awiri, kotero kwa munthu woiwalaiwala mtengo wakewo ungakhale woyenera. Zipere za m'mutu ndi za m'zikhadabo sizimva mafuta okha ndipo zimafuna mapiritsi ochokera kwa dokotala.

Hydrocortisone wa 1 peresenti amaziziritsa kuyabwa kwa kulumidwa ndi tizilombo kapena kuwengedwa ndi chinthu, ndipo asapitirire masiku 7 popanda malangizo. Choyenera kuchenjera nacho kwambiri ndi machubu osakaniza mankhwala atatu kapena anayi, okhala ndi betamethasone kapena clobetasol, amene amagulitsidwa ngati ochiza vuto lililonse la khungu. Kuyabwa kumaleka tsiku lomwelo ndipo wogula amakhutira, koma pansi pake chipere chimafalikira, maonekedwe ake amasintha mpaka dokotala kuvutika kuchizindikira, ndipo khungu limapyapyala n'kuchita mizere yosachoka.

Uchi, mchere ndi aloe vera

Zinthu izi n'zosavuta kupeza, mtengo wake ndi wochepa ndipo kusunga kwake sikuvuta, koma chilichonse chili ndi malire ake. Uchi uli ndi umboni wabwino ndithu wakuti umachepetsa kutsokomola kwa chimfine, supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri pogona, koma usaperekedwe kwa mwana wosakwana chaka chimodzi chifukwa ungakhale ndi tizilombo toyambitsa matenda a botulism, amene amafooketsa minofu mpaka yopumira. Uchi umene madokotala amaika pa zilonda umakhala woyeretsedwa mwapadera, ndipo si wofanana ndi wa patebulo. Theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda limathandiza kuchukucha pakhosi powawa, malinga ngati munthuyo ndi wamkulu mokwanira kulavula. Madzi oyera a mkati mwa tsamba la aloe vera amaziziritsa khungu lopsa ndi dzuwa, koma utomoni wachikasu wa pansi pa khungu la tsambalo umayabwitsa ndipo ukamwedwa umatsegula m'mimba.

Pa kupsa ndi moto kapena madzi otentha, chithandizo ndi madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, ndipo mphete ndi zibangili zivulidwe malowo asanatupe. Mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, batala ndi dzira zimatsekera kutentha mkati ndi kulowetsa tizilombo, pamene madzi oundana amawonjezera kuwonongeka kwa khungu. Matuza asaphulitsidwe.

Njira iti pa vuto liti

Kwa amene wabinya kakolo kapena dzanja lero, ndipo akutha kuponda kapena kugwira ngakhale movutikira, choyenera ndi kuziziritsa, kumanga bandeji, kukweza chiwalocho pamwamba pa mlingo wa mtima ndi kupaka jelo wa diclofenac kapena ibuprofen ngati palibe chomuletsa. Pakapita masiku awiri kapena atatu ayambe kuyendetsa mfundoyo pang'onopang'ono mpaka pamene ululu ukulola, pakuti kugona sabata yathunthu kumaumitsa mfundo ndi kufooketsa minofu. Mayi woyembekezera kapena wodwala impso akhale pa kuziziritsa ndi bandeji, n'kufunsa za paracetamol.

Kwa amene thupi laphwanya atachita masewera olimba, kapena khosi ndi msana zauma popanda kutupa, kuthowa kapena mafuta a menthol zingamupatse mpumulo, koma asankhe chimodzi pa nthawi imodzi, osaphatikiza. Wachikulire wa nyamakazi ya m'mawondo ayambe ndi jelo wa diclofenac, ndipo capsaicin akhale wachiwiri ngati ali wokonzeka kupirira masabata oyambirira. Kwa mwana amene wagwa n'kusupuka, madzi, sopo, petroleum jelly ndi pulasitala n'zokwanira, ndipo m'nyumba ya ana aang'ono mafuta onse a camphor ndi methyl salicylate asungidwe pamwamba potsekedwa. Kuyabwa kozungulira ngati mphete, kokhala ndi m'mphepete motukuka, kumafuna clotrimazole kapena terbinafine. Kuyabwa kwa kulumidwa ndi tizilombo ndiko kwa hydrocortisone. Mphunzitsi wa timu amene ndalama zake n'zochepa ayambe wagula mabandeji otanuka, nsalu zoyera zomangira mabala, magolovesi, petroleum jelly ndi chigubu cha madzi aukhondo asanaganize za mafuta otenthetsa.

Pali zochitika zina zimene palibe chilichonse mwa izi chingathandize. Madokotala a ku Ottawa m'dziko la Canada adakonza mu 1992 malamulo osavuta ozindikirira kakolo wofunika kujambulidwa: ngati munthu sangathe kuponda pansi n'kuyenda masitepe anayi, kapena akumva ululu waukulu fupa lotukuka la m'mbali mwa kakolo likadinidwa kumbuyo kapena kunsonga kwake, apite kuchipatala. Chimodzimodzinso chiwalo chopindika, chochita dzanzi kapena chozizira, bondo limene lidamveka kuphulika n'kutupa nthawi yomweyo, ndi katumba wa mwendo wotupa, wotentha ndi wopweteka popanda kuvulala kodziwika, amene sayenera kutikitidwa chifukwa mwina muli magazi oundana mumtsempha. Bala lakuya, lobayidwa ndi msomali kapena lodzala dothi limafuna kuonedwa ndi kufunsa za katemera wa kafumbata, monganso bala limene kufiira kwake kukufalikira, likutuluka mafinya kapena labweretsa kutentha thupi. Kupsa kokula kuposa chikhatho cha wopsayo, kapena kwa kumaso, m'manja, pa mfundo ndi kumaliseche, n'kwa kuchipatala. Wosewera amene wagunda mutu n'kuchita chizungulire, kusanza, kusokonezeka kapena kuiwala zimene zachitika atulutsidwe m'bwalo, asabwereremo tsiku limenelo ngakhale akunena kuti ali bwino, asapatsidwe aspirin kapena ibuprofen, ndipo akaonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo.